Thandizeni kusankha fonti yachikale ya lebulo ya uchi ndi chikwangwani

Chisomo: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi kantchito ka azakhali anga, amaweta njuchi kumudzi ndiye chaka chino akufuna uchi uziikidwa m'mabotolo okhala ndi lebulo, komanso kachikwangwani ka pamsewu poti nyumba yawo ili m'mphepete mwa M1. Andiuza kuti akufuna zilembo zachikale, zooneka zaulemu ngati za pa zitini za kale zija. Mawu akuluakulu ndi atatu basi, UCHI WA KUMUDZI. Ndayesa Algerian, Cooper Black, Playfair Display ndi Rye koma chilichonse chikuoneka mwina mwake ndipo mutu waima. Lebulo ndi yaing'ono, 8cm kwa 6cm. Amene mumazidziwa thandizeni

Dalitso: Rye sisi, osachedwa nazo. Ukangoti vintage nde Rye imeneyo, uikenso kamthunzi kumbuyo ndi timizere m'mbali basi zatheka

Thoko: Algerian yokha ichotseni kaye pamndandanda. Ili pa saluni, ili pa satifiketi ya nazale, ili pa pulogalamu ya maliro, yangofala poti imabwera ndi Office ndiye aliyense ali nayo. Komanso ilibe zilembo zazing'ono, ndi makapitolo okhaokha ndiye mawu ena aja a pansi muzavutika nawo

Chisomo: Ineyonso ndimaikayikira achimwene, yachoka. Kwatsala zitatu

Yamikani: Achemwali funso loyamba ndi loti chikale chake ndi cha liti, chifukwa zitatu mwatchulazo ndi zaka zitatu zosiyana kutalitali. Playfair Display ikutsanzira zilembo za kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, nthawi imene osindikiza ku Ulaya anayamba kukonda mizere yonenepa kwambiri yosakaniza ndi yopyapyala ngati tsitsi, zija anazifikitsa pachimake Giambattista Bodoni ku Parma ndi a banja la Didot ku Paris. Rye ikutsanzira zilembo zosema pa mtengo za ku America za m'ma 1800, za pa mapositala a masewero ndi malo omwera mowa. Cooper Black ndi ya 1922, anaijambula Oswald Cooper ku Chicago kuti izigwira ntchito pa zotsatsa malonda. Ndiye mukangoti vintage simunanene kanthu, zili ngati kunena kuti ndikufuna nsalu yakale osanena ngati ndi chilundu kapena suti

Dalitso: Koma kasitomala wa uchi azafunsa za 1922? Iye angoona kuti zikuoneka zakale basi

Yamikani: Safunsa chaka aise koma maso ake anaonapo kale zilembo zimenezo penapake ndiye zimamukumbutsa kanthu. Rye aliyense amaiwona ngati ya mafilimu a makaubhoyi kapena botolo la mowa waukali. Pa uchi wa mayi wa kumudzi sikugwirizana, munthu atha kuyesa muli kachasu wa m'fakitale

Thoko: Apo nde mwalasa, timanyanga take tija nafenso timatidana pa makina odulira

Nyauhango: Ine ndikutsatira mwachidwi poti ndimapanga makadi a ukwati kuno ku Mzuzu. Yamikani tafotokozani, n'chifukwa chani zilembo zonenepazi zonse zikuchokera m'ma 1800, kale kunalibe?

Yamikani: Kunalibe kwenikweni. Zisanafike zaka zimenezo osindikiza ankapanga zilembo za mabuku, ndipo akafuna mutu waukulu ankangotenga zomwezo zokulirapo. Zinthu zinasintha mafakitale atachuluka ku Britain, katundu wambiri, ma lotale, masitima, aliyense akufuna positala yake ioneke pakhoma lodzaza kale ndi mapositala a anzake. Ndiye ku London kunabadwa zomwe amati fat face, dzina lomwe limatchulidwa kwambiri ndi la Robert Thorne, anangotenga zilembo zonga za Bodoni zija nkunenepetsa mizere yoima mpaka kufika posayembekezeka koma yopyapyala ija nkuisiya choncho. Kenako Vincent Figgins anatulutsa zina zoti ngakhale timapazi take, ma serif aja, ndi tonenepa ngati njerwa, ndi zomwe lero timati slab serif. Mu 1845 kampani ya Robert Besley ku Fann Street inatulutsa Clarendon, timapazi tonenepa koma tolumikizidwa ndi kakhonde kokhota kuti zisaume kwambiri. Anailembetsa ku boma kuti ena asaikope koma chitetezocho chinali cha zaka zitatu zokha, zitangotha aliyense anapanga yake. Nkhani ya mtengo inabwera chifukwa chilembo chachikulu cha chitsulo chimalemera, chimadula, komanso pozizira chimapindika pamwamba osasindikiza bwino. Darius Wells ku New York anapeza njira yosemera zilembo pa mtengo ndi makina, kabuku kake koonetsa zilembo kanatuluka mu 1828, ndipo kuchokera apo osema anamasuka kuika timanyanga, timaluwa, mizere mkati, zonsezo. Kampani ya Hamilton ku Two Rivers, Wisconsin inayamba mu 1880 nkukhala yaikulu pa zimenezi, pano kuli myuziyamu yake. Chomwe ndikufuna mugwire apa nchoti zilembo zonsezi zinabadwira khoma, zazikulu, mawu ochepa, zoonera patali. Sizinapangidwe kuti uzilembera ndime

Nyauhango: Yewo chomene, ndaphunzira. Nchifukwa chake kasitomala akakakamira kuti vesi yonse ya pa khadi ilembedwe mu fonti ya mayina a akwati zimaoneka zothithikana

Yamikani: Eya ndi zomwezo. Mayina awiri aja ikani fonti yokongoletsa, vesi ndi malo ndi nthawi ikani fonti wamba yowerengeka

Thoko: Ine ndilankhule mbali yanga ya kudula ndi kuprinta poti mbiri sindiidziwa ngati Yamikani koma zomwe zimachitika pa tebulo ndimaziona tsiku ndi tsiku. Playfair Display, Abril Fatface, Bodoni ndi anzawo onse a timizere topyapyala pa sikirini ndi okongola zedi. Koma ukadula pa vinyl, pulasitiki yomata ija, pochotsa zotsala zija timizereto timatukuka limodzi, ndipo olo utulutse bwino dzuwa la Okutobala likawomba timayamba kufutuka kumapeto, pakatha miyezi H uja wasanduka mizere iwiri yoima, U wadukana pansi. Pa lebulo vuto lake ndi lina, mukaika zilembo zoyera pa kumbuyo kwakuda inki imalowerera mu kamzere kopyapyala nkukatseka. Nde ngati mumakonda mtundu umenewo ikani zilembo zakuda pa pepala loyera kapena la kirimu ndipo zikhale zazikulu. Cooper Black pa vinyl ilibe vuto olo pang'ono, ilibe kona yakuthwa ndipo ilibe popyapyala, imadulika ngati sopo

Chisomo: Ndiye nditenge Cooper? Kungoti ikundionekera ngati ya maswiti kapena malaya a timu ya mpira

Dalitso: Ndi ya kampani ya ndege ya easyJet ija, kuno ndimaionanso pa timashopu tambiri ta m'makona

Yamikani: Zoona logo ya easyJet ndi Cooper Black. Imaoneka yansangala, yofewa, nchifukwa chake mukuti maswiti. Pa uchi sizolakwika kwenikweni poti zilembo zake zimaoneka ngati zasungunuka pang'ono, koma ulemu umene azakhali akunena uja ilibe. Pali abale ake ocheperako thupi, Windsor ya 1905 yochokera ku Stephenson Blake ku Sheffield, ndi Souvenir imene Morris Fuller Benton anajambula mu 1914 koma inadzatchuka m'ma 1970 Ed Benguiat ataikonzanso. Zaka zapitazi mtundu umenewu wabwereranso pa zakudya, onani zilembo zomwe Burger King inayamba kugwiritsa mu 2021 zonenepa zofewa zija. Ngati mukufuna yaulere ya banja limeneli yesani Fraunces pa Google Fonts, oipanga ananena okha kuti anatengera kwa Windsor, Souvenir ndi Cooper, ndipo ili ndi makulidwe ambiri kuyambira yowonda mpaka yonenepa ndiye mutha kusankha yapakati yomwe ili yofewa koma yosaseweretsa

Bambo a Mphatso: Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndayamba kulemba zikwangwani ndi bulashi kompyuta isanafike m'mashopu athu, nthawi imene osindikiza ankagula mapepala a Letraset nkumakhutiza chilembo chimodzichimodzi ndi bolopeni. Funso la Yamikani loti chikale cha liti ndi labwino koma ndionjezere lina, chikale cha ndani. Mayi akuti za pa zitini za kale, akukumbuka zomwe ankaona pa sitolo ali mtsikana, chitini cha tiyi, cha mafuta ophikira, dzina la golosale lolembedwa pa khoma pamwamba pa khonde. Sakukumbuka America. Zilembo za pa masitolo athu zinali zonenepa bwino, timapazi tolimba, kamthunzi kamodzi kotsikira kumanzere kapena kumanja, mitundu iwiri kapena itatu basi poti penti inali yodula. Mwana wanga Chisomo usanatsegule kompyuta pita ukawafunse azakhali akowo akutchulire chitini chake kapena sitolo yake, mwina china chikadalipo pa nyumba akusungiramo mchere

Chisomo: Zikomo kwambiri bambo, izi sindinaziganize. Ndiwaimbira madzulo ano

Dalitso: Madala mwanena zoona, ine ndabweza mawu anga pa Rye. Koma kamthunzi nde ndinalondola eti

Bambo a Mphatso: Unalondola mwana wanga koma kamodzi kokha. Osati mthunzi, mzere wozungulira, kuwala ndi maluwa zonse pa chilembo chimodzi. Fonti yokongoletsa yavala kale, ukaiveka zina pamwamba imalemedwa

Nyauhango: Ndiikepo chinthu chimodzi chomwe chimandipweteka mutu ine. Mafonti ambiri okongolawa, makamaka otola pa masaiti aulere, alibe ŵ. Ife kuno makadi ambiri ndi a Chitumbuka, ŵana, ŵapapi, ŵabali, paliponse ŵ. Ulemba bwinobwino mu fonti yachikale kenako pa ŵ pakubwera kabokosi kapena kompyuta ikubwereka chilembo cha fonti ina choonda pakati pa zonenepa. Chisomo ngati pansi pa lebulo mulembapo Malaŵi ndi kachipewa kake yesani kaye musanakonde fonti

Yamikani: Mfundo yaikulu iyi. Ŵ ali mu gulu la zilembo lomwe amati Latin Extended-A ndipo opanga mafonti a changu amathera pa zilembo za Chingerezi ndi za zilankhulo zochepa za ku Ulaya. Mwayi wathu ndi woti Chiwelsh cha ku Wales chimagwiritsanso ŵ, ndiye fonti ikalembedwa kuti imatha Welsh dziwani kuti tapulumuka. Fraunces ndi Playfair Display ali naye. Mu Word lembani 0175 nkudina Alt ndi X pamodzi atuluka ŵ wamng'ono, 0174 ndi wamkulu, kenako mkopereni komwe mukupangira dizaini

Nyauhango: Ine ndinkachita kujambula kachipewako pamanja nkukasanjika pa w. Zimatheka pa mutu umodzi koma pa mayina 30 a pa pulogalamu ndi chintchito

Thoko: Pojambula pamanja potero tengani kachipewa ka pa â kapena ê ka fonti yomweyo ngati kalipo, kamakhala ndi thupi lofanana ndi zilembo zinazo. Osatenga ^ wa pa kiyibodi amaoneka mlendo

Bambo a Mphatso: Poti mwayamba za chilankhulo chathu ndinene za mipata. Chichewa chadzaza ndi WA, YA, KWA, ZA, AWA. W ndi A onse ndi opendekera, ukawaika moyandikana osawasendeza pamatsala mpata waukulu pakati ngati munthu wogweluka dzino, ndipo mu zilembo za timapazi zimanyanya poti timapazi timagundana msanga pomwe pakati pali pululu. Pa mawu ako atatuwo WA ali pakatikati penipeni pomwe diso limafikira. Ife a bulashi timayeza ndi diso osati ndi rula, timayerekeza kuti pakati pa zilembo ziwiri zilizonse tikuthirapo mchenga wofanana. H ndi I oima chilili amafuna kutalikirana pang'ono, W ndi A amafuna kulowerana. Ndiye pa UCHI samala CHI asapanikizane, pa WA sendeza, pa KUMUDZI yang'ana M asadye malo a anzake. Ukamaliza tembenuza pepala mutu pansi uliyang'ane, ukasiya kuwerenga mawu mipata yolakwika imaonekera yokha

Yamikani: Bambo apa mwatiphunzitsa kerning yonse mu ndime imodzi. Ndingoonjezera kuti mafonti otola aulere ambiri sanakonzedwe mipata imeneyi ndiye muyenera kusendeza nokha. Chinanso ka apositirofi ka mu ng'ombe, m'mudzi, n'chabwino. Mu fonti yachikale kamayenera kukhala kopindika ngati comma wokwera m'mwamba, koma mapulogalamu ena amaika kowongoka ka taipi kaja ndipo pa chilembo chachikulu kamaoneka ngati msomali

Chisomo: Ndabwerako. Azakhali akuti akukumbuka chitini cha tiyi cha agogo ndi dzina la sitolo ya mmwenye pa boma, akuti zilembo zake zinali zonenepa zokhala ndi mapazi, zofiira pa chikasu. Ndawatumizira zithunzi zinayi pa WhatsApp popanda kuwauza mayina, asankha ya mtundu wa Clarendon pa chikwangwani koma pa botolo akonda Fraunces yonenepa, akuti ikuoneka ngati uchi ukutsika pa supuni. Nde zitheka kugwiritsa ziwiri zosiyana?

Dalitso: Ine ndinganene kuti imodzi, munthu akaona chikwangwani azindikire botolo

Thoko: Ndili mbali ya Dalitso. Bizinesi ikadali yaing'ono isamasinthe nkhope

Yamikani: Nanenso imodzi, koma ndisankhe Fraunces yonenepa pa zonse poti botolo ndi lomwe lizayenda kupita m'mashopu ndi m'manyumba, chikwangwani chizakhala pamodzimodzi. Bola pa chikwangwani musatenge yowonda. Pa mawu ang'onoang'ono a pa lebulo monga kulemera kwake, tsiku, nambala ya foni ndi komwe uchi wachokera ikani fonti wamba yopanda timapazi, ndipo musaiwale kusiya malo a zomwe a Malawi Bureau of Standards amafuna pa lebulo ya chakudya ngati uchiwo uzalowa m'mashopu akuluakulu, kafunseni ku ofesi yawo musanaprinte zambiri

Bambo a Mphatso: Ine pano ndisiyana nanu pang'ono. Chikwangwani cha pa M1 amachiwerenga munthu ali mu galimoto yothamanga, ali ndi kanthawi kochepa zedi. Zilembo zofewa zozungulira zija patali zimaundana, mabowo a mkati amatsekeka. Clarendon mapazi ake ndi olimba, mkati ndi motseguka, imaima njii. Mayi asankha bwino ndi diso lawo. Chomangiriza ziwirizo chikhale mtundu, chofiira pa chikasu chomwecho, ndi kanjuchi kamodzi kofanana pa botolo ndi pa bolodi. Ndipo pa bolodi musalembe zonse, UCHI likhale lalikulu kudzaza bolodi, WA KUMUDZI pansi mocheperako. Woyendetsa akufuna liwu limodzi lokha kuti aponde buleki

Yamikani: Pa za patali sindingatsutsane nanu bambo. Ku America mapaki a boma anagwiritsa Clarendon pa zikwangwani za m'misewu yawo kwa zaka zambiri, ndiye ntchito imeneyi inaigwirapo kale. Ndavomera, ziwiri koma mtundu umodzi

Thoko: Chabwino koma ndikumbutse za layisensi tisanabalalike. Fraunces ili pansi pa SIL Open Font License, mutha kuigwiritsa pa malonda mwaulere, choletsedwa ndi kugulitsa fontiyo payokha. Clarendon yeniyeni ya makampani ndi yogula, koma pa Google Fonts pali ina dzina lake Besley yotengera Clarendon yomweyo, nayonso yaulere. Zomwe mumatola pa saiti ya DaFont muziwerenga kaye, zambiri zokongola zachikale zimalembedwa kuti personal use only kutanthauza kuti pa lebulo ya malonda muyenera kulipira mwini wake. Recoleta imene anthu ambiri amaikonda ija ndi ya Latinotype a ku Chile, ndi yogulitsa, amene akukupatsani pa flash sakukuthandizani. Munthu anakhala miyezi akujambula chilembo chimodzichimodzi, nafenso timadandaula kasitomala akatenga dizaini yathu nkukaprintitsa kwina osalipira

Dalitso: Besley dzina la mkulu wa 1845 uja?

Yamikani: Yemweyo, anaitcha pomukumbukira. Mkuluyo anadzakhalanso Lord Mayor wa London mu 1869

Nyauhango: Ndayesa pompano Fraunces pa khadi lomwe ndikupanga, ŵ watuluka bwinobwino ndi kachipewa kake konenepa mofanana. Ndasangalala zedi

Thoko: Chisomo potumiza fayilo kokaprinta musaiwale kusandutsa zilembo kukhala ma curves, kutanthauza zojambula zosadaliranso fonti, mu CorelDRAW ndi Ctrl Q, mu Illustrator ndi create outlines. Mukapanda kutero kompyuta ya kushopu ikasowa fonti yanu imangoikapo ina ndipo mipata yonse mwakonza ija yapita. Koma sungani kope ina yosasandutsa kuti muzatha kusintha nambala ya foni mtsogolo. Ndipo printani kaye imodzi pa saizi yeniyeni, muidule, muimate pa botolo lenileni muli uchi, muliike pa shelefu nkubwerera m'mbuyo masitepe atatu. Botolo ndi lozungulira, KUMUDZI ndi liwu lalitali, K ndi I atha kukhotera kumbali osaoneka

Chisomo: Ndachita zomwezo ndipo mwalondola, K amabisala. Ndachepetsa KUMUDZI ndaika mizere itatu, UCHI pamwamba lalikulu, WA laling'ono pakati ndi timizere tiwiri m'mbali, KUMUDZI pansi. Pano zonse zikuoneka kutsogolo. Sindinaifinye fonti, ndangochepetsa saizi

Yamikani: Mwachita bwino osaifinya, ukaifinya m'mbali mizere yoima imawonda yopingasa nkutsala yonenepa ndipo chilembo chimapunduka

Bambo a Mphatso: Za bolodi usadule vinyl mwana wanga ngati azakhali angakwanitse. Printa zilembozo pa mapepala saizi yake yeniyeni, ulumikize ndi tepi, upake choko kumbuyo, umate pa bolodi nkudinda m'mbali mwa chilembo chilichonse ndi pensulo. Wolemba zikwangwani aliyense wa pa trading centre atha kudzazamo ndi penti ya mafuta. Lata alipake kaye penti yoyamba yoteteza dzimbiri, kenako apake chikasu kawiri, chiume tsiku lonse, kenako chofiira. Kamthunzi kakhale kakuda kapena kabulauni, mbali imodzi yokha, ndipo asiye kampata kakang'ono pakati pa chilembo ndi mthunzi wake kuti chikasu chizionekera

Chisomo: Ndalemba zonse bambo. Pali mnyamata wina kumeneko amalemba pa maminibasi, ndimuimbira mawa. Bolodi ndi 1.2m kwa 80cm, UCHI ndikuganiza likhale 35cm kutalika, kapena ndionjezere?

Bambo a Mphatso: Zilembo zinayi za Clarendon ndi zotambalala, pa 35cm zitha kusefukira m'mbali. Yamba ndi m'lifupi, siya 10cm uku ndi uku, UCHI lidzaze mita yotsalayo ndipo kutalika kubwera kokha. Ukaprinta mapepala aja kawaimike kaye pamsewu pomwepo, iwe upite patali ngati mitengo iwiri ya magetsi ukaone ngati ukuwerenga, kenako utitumizire chithunzi penti isanagulidwe